Sitiroko ikadutsa: zimene kafukufuku wapeza pa mafizo ndi kuchira kwa wodwala

Munthu akagwa ndi sitiroko, masiku oyamba abale amangopempha kuti moyo upulumuke. Moyo ukapulumuka, mafunso amasintha. Kodi bambowa adzayendanso? Dzanja lalendewerali lidzagwiranso khasu? Amayi adzayankhulanso zomveka? Pachipatala chachikulu cha Zomba, chomwe chimalandiranso odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, Balaka ndi Mangochi, amene amasenza mafunsowa ndi magadiyani, ndipo mayankho amawapeza mbali zonse. Wina akuti asisiteni ndi mafuta. Wina akuti asamangogona, ayendetseni lero lomwe. Wina akuti kuli mankhwala ochokera ku Joni odzutsa mitsempha. Aliyense ali ndi dzina la munthu amene anachira atatero, ndipo sakunama ayi, munthuyo anachiradi.

Pamenepo ndi pamene pagona vuto lonse la kafukufuku wa matendawa. Sitiroko imachitika magazi akaleka kufika mbali ina ya ubongo, kaya chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, kaya chifukwa waphulika. Mbali yomwe yasowa magazi kwa nthawi yaitali imafa ndipo siukanso. Koma m'mphepete mwake mumakhala mbali zina zimene zangofooka ndi kutupa, ndipo kutupako kukamaphwa zimayambanso ntchito. Ubongo umathanso kulumikiza njira zatsopano zodutsira uthenga wopita kudzanja kapena kumwendo. Zili ngati mlatho ukakokoloka pa Likangala: anthu amapeza pena powolokera, ndipo kanjira kopita pamenepo kamakula chifukwa chopondedwa kawirikawiri. Kuchira kotereku kumathamanga m'masabata oyambirira mpaka pafupifupi miyezi itatu, kenako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndiye chilichonse chimene wodwala angapatsidwe m'miyezi imeneyi, kaya mafuta, kaya zitsamba, kaya mafizo enieniwo, chimaoneka ngati ndicho chamuchiritsa.

Kuti adziwe chimene chathandizadi, ofufuza amasonkhanitsa odwala ambiri omwe avomera kutenga nawo mbali, n'kuwagawa m'magulu pochita maere pakompyuta. Gulu lina limalandira chithandizo chomwe chikuyesedwacho, lina limalandira chisamaliro cha masiku onse. Maerewo amathandiza kuti magulu afanane: achikulire, odwalitsitsa ndi olimbikira apezeke mbali zonse. Pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, wodwala amayezedwa ndi munthu amene sakudziwa gulu lomwe anali. Muyeso wofala ndi wa Rankin, woyambira pa 0 kufika pa 6. Wa 0 alibe vuto lililonse, wa 2 ali ndi chilema pang'ono koma amadzisamalira yekha, wa 4 sangayende kapena kudzithandiza popanda womugwira, wa 5 ali chigonere, ndipo 6 ndi imfa. Kuchira kwachilengedwe kumachitika m'magulu onse awiri, choncho kusiyana kotsalako n'kumene kumaonetsa mphamvu ya chithandizo.

Njira imeneyi yagwetsa maganizo ambiri amene akatswiri ankawakhulupirira ndi mtima wonse. Kwa zaka zambiri zinkadziwika kuti kugonetsa wodwala nthawi yaitali n'koopsa: kumabweretsa chibayo, zilonda zogonera mbali imodzi, magazi oundana m'miyendo ndi kufooka kwa minofu. Mu 2004, Julie Bernhardt ndi anzake ku Melbourne, m'dziko la Australia, anaonetsa kuti odwala sitiroko m'mawodi ankakhala pabedi nthawi yoposa theka la tsiku, ndipo nthawi yambiri ali okhaokha. Zinkaoneka zosachita kufunsa kuti kuwadzutsa msanga komanso kawirikawiri kuwathandiza. Gulu lake linakonza kafukufuku wamkulu wotchedwa AVERT, wa odwala 2,104 m'mawodi 56 a ku Australia, New Zealand, Malaysia, Singapore ndi United Kingdom. Theka la odwalawo linkadzutsidwa kukhala tsonga, kuimirira ndi kuyenda pasanathe maola 24 chigwereni, ndipo linkachita zimenezi nthawi yochuluka tsiku lililonse. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2015. Patatha miyezi itatu, mwa odwala 100 alionse amene anadzutsidwa msanga ndi mwamphamvu, 46 ndi omwe ankadzisamalira okha. M'gulu la chisamaliro cha masiku onse anali 50. Kufulumirako kunawabwezera m'mbuyo.

Wina akamva zimenezi angati ndiye wodwala azingogona. Ayi ndithu. A m'gulu lachiwirilo nawonso ankadzutsidwa, ambiri a iwo tsiku loyamba lisanathe kapena litangotha. Kusiyana kwakukulu kunali pa kuchuluka: gulu loyamba linkachita pafupifupi mphindi 31 patsiku, lachiwiri pafupifupi mphindi 10. Ofufuzawo atasanthulanso manambala awo mu 2016, anapeza kuti amene ankadzutsidwa kambirimbiri koma kwa kanthawi kochepa ndi amene zinawayendera bwino, pomwe kuwasunga ali chiimire nthawi yaitali kunkachepetsa mwayi. Akatswiri ena amaganiza kuti m'maola oyambawo ubongo wovulala sutha kuwongolera bwino magazi ake, ndiye munthu akaimirira, mbali zofookazo zimasowanso magazi. Kwa gadiyani amene ali m'wodi, mfundo yake ndi yakuti tsiku loyamba si lokokera wodwala kuti ayende. Adokotala akaona kuti thupi lakhazikika, wodwala ayambe kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zochepa, apume, adzukenso, kangapo patsiku.

Chimene chimapulumutsa anthu ambiri m'masiku oyambawa sichioneka ngati mafizo n'komwe. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, Sandy Middleton anatsogolera kafukufuku wotchedwa QASC m'mawodi 19, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Anamwino anaphunzitsidwa kutsata zinthu zitatu mosadumphitsa: kuyeza ndi kutsitsa kutentha kwa thupi, kuyang'anira shuga m'magazi, ndi kuyesa ngati wodwala akumeza bwino asanapatsidwe chakudya kapena madzi. Patatha masiku 90, omwalira kapena odalira ena anali 42 pa 100 alionse m'mawodi ophunzitsidwawo, pomwe m'mawodi enawo anali 58. Za kumezazi zimandikhudza kwambiri, chifukwa kwathu kuno chikondi timachionetsa ndi chakudya. Wodwala akakhala kuti sanadye, mtima wa gadiyani suupeza mtendere, ndipo amamunyengerera ndi phala, thobwa kapena madzi ali chigonere. Sitiroko imafooketsa minofu ya kummero mwa odwala ambiri, ndiye zakudyazo zimatha kulowera kumapapo, nthawi zina munthu osatsokomola n'komwe. Pakapita masiku ochepa thupi latentha, chibayo chalowa. Namwino ayambe wayesa kaye, wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo akatsamwa kapena mawu akasintha ngati ali ndi madzi pakhosi, kudyetsako kuime mpaka achipatala aone.

Masiku oopsawo akadutsa, funso limasanduka la kuchuluka kwa zolimbitsa thupi ndi nthawi yoyenera. Apa ofufuza anapeza chinthu chodetsa nkhawa. Makoswe ndi anyani amene amaphunziridwa m'malabotale amabwereza kutambasula dzanja maulendo mazanamazana patsiku kuti ubongo wawo usinthe. Catherine Lang ndi anzake atawerenga zimene zimachitika m'zipinda za mafizo ku America ndi Canada mu 2009, anapeza kuti wodwala ankabwereza ntchito ya dzanja pafupifupi maulendo 32 okha pa nthawi imodzi yokumana ndi a mafizo. Ngati kumayiko olemera zili choncho, ganizirani za munthu wa ku Chingale kapena ku Kachulu amene amafika ku mafizo kamodzi pamwezi, ndalama ya kabaza ndi minibasi ikapezeka.

Palinso chizolowezi chimene ubongo umatenga msanga. Dzanja lofooka likalephera kangapo, munthu amangolisiya n'kumachita zonse ndi dzanja labwino, ndipo lofookalo limaiwalika ngakhale mphamvu zina zitabwerera. Edward Taub anaona zimenezi poyamba pa anyani, ndipo anapeza kuti akamanga dzanja labwino, lofookalo linkayambanso kugwira ntchito. Njirayi inayesedwa pa anthu 222 mu kafukufuku wa EXCITE ku America, amene anatuluka mu 2006. Odwala amene anali atatha miyezi itatu mpaka isanu ndi inayi chigwereni ankavala chophimba kudzanja labwino pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri, kwinaku akuphunzitsa dzanja lofookalo mpaka maola 6 patsiku. Dzanjalo linayamba kugwira ntchito bwino kuposa la anzawo, ndipo phindulo linali lidakalipo patatha chaka. Koma onse amene analowa mu kafukufukuyu anali oti ankatha kale kutambasulako zala ndi mfundo ya dzanja. Kumanga dzanja labwino la munthu amene linalo silikugwedezeka n'komwe ndi kumuzunza chabe. Ndipo Alexander Dromerick atayesa njira yomweyi mwamphamvu pa odwala amene anali m'masabata oyambirira chigwereni, mu kafukufuku waung'ono wa mu 2009, olandira maola ochulukawo ndi amene anachira mocheperapo.

Dromerick yemweyo anafuna kudziwa nthawi imene ubongo umamva bwino maphunziro. Mu kafukufuku wa odwala 72 amene anatuluka mu 2021, anawonjezera maola 20 a zolimbitsa dzanja pa nthawi zosiyanasiyana. Amene anawalandira pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachitatu anapindula koposa. Amene anawalandira m'mwezi woyamba anapindula pang'ono, ndipo amene anawalandira patatha miyezi isanu ndi umodzi sanasiyane kwenikweni ndi amene sanawonjezeredwe kanthu. Odwala 72 ndi ochepa, sitingamangepo lamulo. Komabe zotsatirazi zimandipweteka ndikaganiza za kuno, chifukwa mwezi wachiwiri ndi wachitatu ndi nthawi imene wodwala wathu ali kale kumudzi, alendo odzazonda achepa, ndalama zatha, ndipo iye wangokhala pakhonde kudikira kuti mwina thupi libwerera lokha. Ku England malangizo a mu 2023 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo kumeneko, amati wodwala amene angakwanitse azilandira chithandizo chobwezeretsa mphamvu kwa maola osachepera atatu patsiku, masiku asanu pasabata.

Ambiri timaganiza kuti chimene tikusowa ndi makina. Kafukufuku sakugwirizana nazo. Ku United Kingdom, odwala 770 analowa mu kafukufuku wa RATULS woyesa loboti yoyendetsa mkono, ndipo mu 2019 zinapezeka kuti mkono sunagwire ntchito bwino kuposa wa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Ku America, Pamela Duncan anatsogolera kafukufuku wa LEAPS wa odwala 408, kuyerekeza makina oyendapo okhala ndi malamba onyamula thupi ndi zolimbitsa thupi zochitira pakhomo motsogozedwa ndi katswiri wa mafizo. Patatha chaka, 52 pa 100 alionse anali atayamba kuyenda bwino kuposa poyamba, ndipo magulu sanasiyane. A pamakinawo ndi amene ankamva chizungulire kawirikawiri.

Mapiritsi nawonso anayesedwa. Mu 2011, kafukufuku wa odwala 118 ku France anaonetsa ngati mankhwala a matenda okhumudwa otchedwa fluoxetine amathandiza ziwalo kubwerera, ndipo madokotala ena anayamba kuwalembera odwala. Atayesedwa pa anthu 3,127 mu kafukufuku wa FOCUS ku United Kingdom, sanasinthe kalikonse pa kudzisamalira kwa odwala. Anachepetsa kukhumudwa, koma othyoka mafupa anachuluka. Kafukufuku wina ku Sweden, ndi winanso ku Australia, New Zealand ndi Vietnam, anapeza zofanana. Mankhwala amene anaoneka odalirika pa anthu 118 anagwa atayesedwa pa anthu masauzande, nanga botolo logulitsidwa pamsika, lomwe silinayesedwepo ndi maere ngakhale kamodzi, tingalidalire bwanji? Mapiritsi amene ali ndi umboni wolimba ndi oteteza kuti sitiroko isabwerenso, makamaka otsitsa BP, ndipo amenewo ndi omwe anthu amasiya kumwa akangoyamba kupezako bwino.

Kalilole wamba ali ndi umboni woposa wa lobotiyo tikayerekeza ndi mtengo wake. Wodwala amaika kalilole pakati pa mikono yake, dzanja lofooka kuseri, n'kumayang'ana chithunzi cha dzanja labwino likuyenda, ndipo ubongo umaona ngati lofookalo ndi limene likuyenda. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula pamodzi zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, litasonkhanitsa kafukufuku 62 mu 2018, linapeza kuti njirayi imathandiza ndithu ikamachitidwa pamodzi ndi mafizo ena, osati m'malo mwake.

Tsopano tifike pa kafukufuku amene akutikhudza kuposa onse. Kwathu kuno amene amasambitsa, kutembenuza, kudyetsa ndi kunyamula wodwala ndi mkazi wake, mwana wake wamkazi kapena mlongo wake. Akatswiri a mafizo ndi ochepa. Digiri ya mafizo inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo malo ogonekako odwala ofuna mafizo a nthawi yaitali monga Kachere ku Blantyre sangalandire aliyense. Choncho maganizo amene amabwera msanga ndi akuti tiphunzitse gadiyani, azikachita yekha mafizo kunyumba. Ku India anaganizanso chimodzimodzi, ndipo anayesa. Kafukufuku wa ATTEND, wotsogozedwa ndi Richard Lindley ndi Jeyaraj Pandian, anatenga odwala 1,250 m'zipatala 14. Wachibale wosankhidwa ndi banja ankaphunzitsidwa wodwala adakali m'chipatala, kenako katswiri ankawayendera pakhomo kangapo m'miyezi iwiri yoyamba. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, omwalira kapena odalira ena anali 47 pa 100 alionse m'magulu onse awiri.

Zimenezi sizikutanthauza kuti gadiyani alibe ntchito. A m'gulu linalo nawonso anali ndi abale owasamalira, ndipo popanda abalewo sakanakhala moyo. Chimene kafukufukuyu anaonetsa n'chakuti maphunziro a maola ochepa sasandutsa wachibale kukhala katswiri. Mabanjawo ankachita zolimbitsa thupi pafupifupi theka la ola patsiku, zomwe n'zochepa tikakumbukira zimene ubongo umafuna. Komanso mafizo si mndandanda wa zochita woti munthu aloweze. Katswiri amayang'ana wodwala lero, n'kuona kuti zadzulo zaphweka, n'kuwonjezera kulemera kwake pang'ono. Amaona kuti munthu akukokera mwendo m'mbali kapena akukweza phewa m'malo motambasula chigongono, n'kumukonza chizolowezi chisanakhazikike. Mu kafukufuku wa LEAPS uja, zapakhomo zinafanana ndi makina chifukwa katswiri ankafika yekha maulendo 36, ulendo uliwonse mphindi 90. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuchitira mafizo pakhomo ndi kutula mafizo pamutu pa mayi amene akuyeneranso kulima, kutunga madzi ndi kuphika. Ndimaona kuti aliyense wokonza ndondomeko zaumoyo m'dziko muno ayenera kuwerenga ATTEND asananene kuti magadiyani atithandiza kutseka mpata.

Pali zinthu zina zimene gadiyani ayenera kuuzidwa ndithu asanatuluke m'wodi, chifukwa zimateteza kuvulala. Phewa la mbali yofooka limakhala lolekuka, ndipo kudzutsa wodwala pomukoka mkono umenewo kumang'amba minyewa n'kusiya ululu wa miyezi yambiri umene umalepheretsa mafizo onse. Wodwala amagwiridwa pathupi, m'chiuno kapena kumsana. Kusisita kumatonthoza ndipo kulibe choipa kukachitika mofatsa, koma ubongo suphunzira ndi zimene wina akuchitira dzanja. Umaphunzira mwini dzanja akamayesa yekha kutola nyemba, kutema nsima, kumanga batani, kugwira kapu, ngakhale akulephera. Kumuchitira zonse chifukwa cha chisoni kumamulanda mpata umenewo. N'chimodzimodzi ndi amene mawu anamuthawa: nzeru zake zilipo, ndipo kumuyankhulitsa mofatsa, kumudikira kuti amalize yekha mawu, n'kofunika kuposa kumuyankhira. Kafukufuku wa ku Germany wa mu 2017 anaonetsa kuti ngakhale anthu amene anatha miyezi yoposa isanu ndi umodzi ali ndi vutoli anayamba kuyankhula bwinoko ataphunzitsidwa mwakathithi kwa masabata atatu.

Kafukufuku yense ndatchulayu anachitika kunja, ndipo wodwala wa ku Melbourne kapena ku United Kingdom si wodwala wa ku Thondwe. Laura Benjamin ndi anzake anafufuza odwala sitiroko 222 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuwayerekeza ndi anthu 503 a m'madera omwewo amene sanadwale, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. BP ndiyo inali chiopsezo chachikulu mwa onse, koma mwa azaka 45 kutsika pansi, kachilombo ka HIV ndi kamene kanali patsogolo. Chiopsezo chinali chokwera mwa amene sanayambe ma ARV ndi amene anali m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kumwa, makamaka chitetezo chikakhala kuti chinatsika kale kwambiri. Pasapezeke wosiya mankhwala chifukwa cha zimenezi. Chofunika ndi kuyamba msanga chitetezo chisanagwe. Koma zikutiuza kuti ambiri mwa odwala athu ndi anthu a msinkhu wogwira ntchito, olipirira ana sukulu, amene kuchira kwawo kumatanthauza kubwerera kumunda, kumsika kapena pakabaza.

Ngakhale mawu oti kudzisamalira ali ndi katundu wina kuno. Amene amakonza miyeso ya kunja amaganiza za munthu wogona pabedi, wokhala ndi chimbudzi chokhalira m'nyumba ndi madzi a pampopi. Wodwala wathu ayenera kudzuka kuchokera pamphasa, kuyenda panja usiku, kunjuta pachimbudzi chokumba n'kudzukanso, ndi kudutsa tinjira totsetsereka ta ku Sadzi kapena Chinamwali dzinja likafika. Munthu angathe kuyenda bwino pasimenti ya m'chipinda cha mafizo koma n'kukakhala wodalira ena pachilichonse akafika kwawo. Kafukufuku wochitikira kuno ayenera kuyeza zimenezi.

Mafunso oti ayesedwe alipo, ndipo sakufuna loboti. Alangizi a zaumoyo amene amayendera kale midzi angathe kuphunzitsidwa ndi kumayang'aniridwa ndi katswiri wa mafizo palamya, kuti wodwala aziyenderedwa sabata iliyonse m'miyezi itatu yoyamba. Odwala a dera limodzi angathe kumakumana pachipatala chaching'ono monga cha Matawale kapena Domasi, katswiri mmodzi n'kumatsogolera anthu khumi nthawi imodzi. Mndandanda wa kutentha, shuga ndi kumeza uja ungathe kusinthidwa kuti ugwirizane ndi wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambiri, magadiyani n'kupatsidwa mbali yawo yomveka. Zonsezi zikumveka zanzeru, koma kudzutsa odwala msanga kunkamvekanso kwanzeru, kuphunzitsa abale ku India kunkamvekanso kwanzeru. Ziyesedwe ndi maere, pa odwala okwanira, movomerezedwa ndi makomiti oona za ufulu wa otenga mbali monga COMREC ndi National Health Sciences Research Committee. Ndipo ofufuza akadzafika pabedi la m'bale wanu ndi chikalata chopempha chilolezo, muli ndi ufulu wofunsa kuti akuyesa chiyani, gulu linalo lilandira chiyani, ndalama zoyendera alipira ndani, komanso ngati wodwala angatuluke nthawi ina iliyonse osataya chithandizo chake.